Mboni pa mlandu wofuna chipukuta misozi ku California: mmene mungachitire kuti jaji asazikane

Tinene kuti galimoto yakugundani pa mphambano ku Sacramento ndiye mwamusumira dalaivalayo ku Superior Court. Ambiri amangoti mboni ndi mboni basi, koma ku California zilipo za mitundu iwiri ndipo malamulo ake safanana.

Choyamba, gawani mboni zanu. Pali mboni wamba, monga mayi uja anali pa basi sitopu naona zonse. Gawo 702 la Evidence Code, lamulo la za umboni ku California, limati anene zimene anaona kapena kumva yekha pamalopo, za m'maluwa ayi. Atha kunena kuti galimoto imathamanga kwambiri, koma asayerekeze kufotokoza kuti msana wanu udzafuna opaleshoni. Imeneyo ndi ntchito ya katswiri, dokotala kapena injiniya, amene gawo 720 limati akhale ndi maphunziro, luso kapena zaka pantchitoyo. Digiri si yokakamiza, makaniko wokhazikika naye atha kuvomerezedwa.

Kenako mboni wambayo muipatse subpoena, chikalata choilamula kubwera kukhoti, fomu yake ndi SUBP-001, ndipo iperekedwe pamanja. Ngakhale atakhala mnzanu wapamtima mpatseni ndithu, anthu amasintha maganizo tsiku likafika, komanso abwana ake kuntchito adzafuna kuona pepala. Malipiro ake ndi $35 patsiku ndi masenti 20 pa mailosi aliwonse, kupita ndi kubwerera. Zochepa zedi, koma lamulo lake ndi lomwelo.

Tsopano apa ndi pamene anthu amagwa, madeti a akatswiri. Tsiku la mlandu likangoikidwa, lembani kalata yofuna kuti mbali zonse zisinthane mayina a akatswiri, ndipo ituluke pasanathe masiku 10 chiikireni tsikulo kapena kutatsala masiku 70 kuti mlandu uyambe, mumatenga deti imene yayandikira kwambiri mlanduwo. Kusinthana kwenikweni kumachitika kutatsala masiku 50 kuti mlandu uyambe, kapena patatha masiku 20 kalata ija itaperekedwa, apanso mumatenga deti imene yayandikira kwambiri mlanduwo. Katswiri amene mwamulemba ganyu dzina lokha silikwana, pamafunikanso chikalata cholumbira chonena maphunziro ake, zimene adzanene mwachidule, kuti wavomera kudzaperekera umboni, ndi mtengo wake pa ola ndi patsiku. Dokotala amene anakuthandizani kuchipatala mungomulemba dzina pamndandanda. Mukazengereza popanda chifukwa chomveka, gawo 2034.300 la Code of Civil Procedure, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ngati imeneyi, limapatsa mbali inayo mpata wopempha kuti katswiri wanu asalankhule n'komwe, ndalama zonse munamulipira zija zalowa m'madzi. Lembani madetiwa pa kalendala ya pafoni tsiku lomwelo, musadalire loya yekha.

Mukafuna kumufunsa mafunso katswiri wa mbali inayo pa deposition, kufunsa mboni molumbira mlandu usanayambe, mumamulipira ndinu pa ola, ndipo zithe kutatsala masiku 15 kuti mlandu uyambe.

Chinanso, pepala la yunivesite silimupulumutsa katswiri wongopeka. Mu 2012, pa mlandu wa Sargon ndi University of Southern California, khoti lalikulu la boma la California linati jaji ali ndi udindo wokana maganizo a katswiri opanda maziko. Ndiye mufunseni wanuyo msanga kuti manambala ake wawatenga kuti.

Ngati mboni yanu ndi amayi anu amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Zomba ndipo Chingerezi chimawavuta, pemphani womasulira kwa kalaliki wa khoti mwachangu, womasulira Chichewa sapezeka tsiku limodzi kumeneko.