Wodwala akatulutsidwa m'chipatala matenda asanachire: zofunsa anamwino musananyamuke

Agadiyani ambiri kuno ku Mzuzu akamva kuti khansa ya m'bale wawo yafika posachiritsika, amangomanga katundu wawo, beseni ndi bulangete, n'kukwera galimoto osafunsa kanthu. Mumtima amati chipatala chasamba m'manja. Si choncho ayi. Matenda angakanike kuchira, koma ululu, fungo la chilonda, kusanza ndi kusowa tulo zonse zili ndi chithandizo, ndipo amene amaidziwa bwino ntchito imeneyi ndi anamwino. Dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika mu 2014, ndipo bungwe la Palliative Care Association of Malawi (PACAM) lakhala likulimbikitsa chisamalirochi kuyambira mu 2005. Choncho kaya muli pa Mzuzu Central, pa St John's kapena ku Ekwendeni, musachoke musanafunse kuti namwino woona za chisamalirochi ndi uti. Khalani naye pansi, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

Nkhani yaikulu ndi ululu. Kwa wodwala khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero kapena ya pakhungu yomwe yakula, panado payekha sakwanira. Akapatsidwa mofini wamadzi, mankhwalawa amamwedwa potsatira wotchi, maola 4 aliwonse: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo ndi 10 koloko usiku. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amaphonya. Amadikira wodwala ayambe kubuula ndiye n'kuthamangira botolo, pomwe ululu ukakhazikika umavuta kuutsitsa. Muuzeni namwino akuonetseni pa sirinji mzere weniweni poyezera, kenaka yezani inuyo iye akuona. Za mlingo wa usiku, kapena choti muchite ululu ukabuka nthawi isanakwane, afotokoze iyeyo ndipo alembe m'kabuku. Musawonjezere kapena kuchepetsa mwa inu nokha.

Ndimamva chisoni ndikapeza botolo la mofini litabisidwa m'sutikesi, lodzadza, mayi akulira usiku wonse, chifukwa wachibale wina wanena kuti mankhwalawa amafulumizitsa imfa. Mofini woperekedwa pa mlingo woyenera sapha munthu. Amachititsa tulo masiku oyamba, ena amachita nseru, koma zimenezi zimachepa. Chomwe sichichepa ndi kudzimbidwa, n'chifukwa chake mankhwala ofewetsa m'mimba ayenera kuyendera limodzi ndi mofini kuyambira tsiku loyamba. Mapapaya akupsa ndi madzi okwanira zimathandizanso.

Wodwala wogonera pamphasa kapena pamatilesi mutembenuzeni maola awiri aliwonse. Pomusambitsa yang'anani m'chiuno, kumsana mmunsi, pazidendene ndi pamapewa. Mukaona pafiira kapena pada mosiyana ndi khungu lina, ndiye kuti chilonda chayandikira. Ikani pilo kapena chitenje chopinda kuti malowo asapanikizike. Ndi kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi, timakonda kumuunjikira mabulangete n'kuiwala kuona ngati pansi panyowa. Chinyezi cha mkodzo chimadya khungu msanga. Ndipo mbaula musaisiye ikuyaka m'chipinda chotseka, utsi wa makala umapha.

Chilonda chikamanunkha, alendo amasiya kulowa, wodwalayo n'kumadziona ngati wonyansa. Anamwino amatha kukuphunzitsani kutsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, komanso kuwaza mapiritsi a metronidazole operapera pachilondapo, fungo n'kuchepa. Pemphaninso magolovesi.

Ntchito ina ya namwino, yomwe sionekera, ndi kulankhula zomwe banja likuopa. Odwala ambiri amadziwa kale kuti thupi likutha, koma amangokhala chete poopa kukhumudwitsa ana awo. Namwino wophunzira bwino sakakamiza; amafunsa kuti "Agogo, mukufuna kudziwa zotani za matenda anuwa?" n'kudikira yankho. Munthu akamva zoona mwaulemu amapeza mpata woitana abusa, ansembe kapena shehe, wokhululukirana ndi abale, wonena za ana ndi za nyumba ya ku Chibavi kapena munda wa kumudzi, ngakhale kulemba wilo kuti amasiye asadzalandidwe katundu.

Masiku omaliza akayandikira, wodwala amagona kwambiri, amakana chakudya, manja ndi mapazi zimazizira, kupuma kumasintha, nthawi zina kumamveka phokoso kukhosi. Musamukakamize phala, angatsamwe. Nyowetsani milomo yake ndi kansalu koyera, pakani mafuta a Vaseline kuti isang'ambike, mugonekeni chammbali. Pitirizani kumulankhula ndi kumugwira dzanja, pakuti mwina akumvabe. Akalephera kumeza mankhwala, dziwitsani namwino mwamsanga kuti akuuzeni njira ina, osati kungosiya.

Inunso agadiyani muzisinthana. Munthu mmodzi sangadzuke usiku uliwonse mwezi wathunthu. Gawanani ndi abale, amayi a mvano kapena a limana lanu. Musanachoke kuchipatala funsani tsiku lodzatenganso mankhwala, ndiponso mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'dera lanu amene angamakuyendereni. Mofini sungani pamalo pomwe ana sangafike, ndipo wotsala mukabweze kuchipatala, musapatse wodwala wina.