Nthawi yabwino yojambula zithunzi ku Blyde River Canyon

Amene mukukonzekera kukaona chigwa chakuya cha Blyde River Canyon, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, muyenera kukonza ulendo wanu motsatira kayendedwe ka dzuwa, chifukwa ola limene limakomera malo ena limawononga zithunzi pamalo ena.

Poonera mapiri a Three Rondavels, aja amaoneka ngati nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, munthu amaima kumadzulo kwa chigwacho n'kuyang'ana chakum'mawa. Motero m'mawa dzuwa limawomba m'kamera mwachindunji, ndipo mapiriwo amatuluka akuda bii. Ndi bwino kudikira mpaka dzuwa litapendeka, cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, pamene kuwala kumachokera kumbuyo kwanu n'kufiiritsa matanthwe, pomwe mithunzi imaonetsa bwino mizere ya miyala imene inasanjikizana. Musaiwale kufunsa pachipata nthawi imene amatseka, kuopa kukutulutsani kuwala kutangoyamba kukoma.

Ku Bourke's Luck Potholes, pamene mtsinje wa Treur umakumana ndi Blyde, n'zosiyana. Maenje amene madzi anaboola m'thanthwe ndi akuya, choncho pitaniko dzuwa lili paliwombo kuti kuwala kufike pansi.

Malo ovuta kwambiri ndi God's Window, pamene anthu amaima m'mphepete mwa phompho lalitali n'kumaonera patali, chifukwa m'nyengo ya mvula nkhungu imatha kuphimba zonse mwadzidzidzi. Ine ndimaona kuti June ndi July ndiyo miyezi yodalirika, popeza ikafika August ndi September utsi wa moto wa m'tchire umachititsa kuti mapiri akutali azioneka mbuu.