Kuwawa pomeza: musadikire mpaka nsima ikane kutsika

Munthu akafika kuchipatala n'kunena kuti akumva kuwawa akameza, dokotala amayamba ndi mafunso atatu asanalembe mankhwala. Pakuwawa pati? Zayamba liti? Nanga chakudya chikungowawa potsika, kapena chikumaimanso panjira? Mafunso omwewa dzifunseni nokha pakhomo, chifukwa ndi amene amasiyanitsa vuto lotha ndi madzi amchere ndi vuto lofunika kuthamangira nalo ku chipatala chachikulu cha Zomba Central.

Lozani ndi chala pamene pakuwawa. Ngati ndi pakhosi, kuseri kwa lilime, kawirikawiri ndi zilonda za pakhosi. Ngati ndi pakati pa chifuwa, kuseri kwa fupa, vuto lili mu mmero, njira ya chakudya yopita m'mimba, yomwe mwa munthu wamkulu imatalika pafupifupi masentimita 25. Ululu wa pachifuwawu ndi umene anthu amaunyalanyaza kwambiri, pamene ndiwo wofunika kuusamala.

Zilonda za pakhosi zimachuluka mu Juni ndi Julayi, chisanu chikamatsika kuphiri. Zambiri zimabwera ndi chimfine: mamina, kutsokomola, mawu kusasa. Izi zimatha zokha pasanathe sabata, ndipo makapusozi a amoxicillin kapena Bactrim ogula pagolosale sathandiza chilichonse, chifukwa sapha mavairasi. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu ya madzi ofunda, chukuchani kukhosi n'kulavula, katatu kapena kanayi pa tsiku. Wamkulu amwe Panado awiri a 500 mg pa maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Mwana amamwa potengera kulemera kwake, ndipo asapatsidwe asipirini. Uchi m'madzi ofunda umafewetsa pakhosi, koma osaupereka kwa mwana wosakwana chaka.

Mwana wa zaka 5 mpaka 15 ndiye woti mumuone bwino. Muyatsireni tochi ya foni m'kamwa, dinikizani lilime ndi chogwirira cha supuni, anene kuti "aaa". Mukaona tinyama tiwiri ta m'mbali mwa khosi titatupa, titafiira, tili ndi mafinya oyera, thupi likutentha, anabere atatupa kunsi kwa chibwano, koma osatsokomola, ganizirani bakiteriya wotchedwa streptococcus. Ameneyu amafuna penisilini kapena amoxicillin kwa masiku 10 athunthu, kapena jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin. Makolo ambiri amasiyitsa mankhwala tsiku lachitatu poona kuti mwana wayamba kudya, otsalawo n'kusungira mng'ono wake. Apa ndi pamene pamalakwika. Pakatha masabata awiri kapena atatu mwana angayambe kutupa m'mfundo, ndipo matendawa amatha kuwononga timavavu ta mtima kwa moyo wonse.

Pali zizindikiro zosayembekezera kuti kuche: malovu kungodontha chifukwa munthu akulephera kuwameza, kukamwa kukana kutsekuka, mbali imodzi ya khosi kutupa kwambiri, mawu kumveka ngati muli chinthu m'kamwa, kapena kupuma kolira mluzu. Pamenepo pangakhale chithupsa cha mafinya kapena kutupa komwe kungatseke njira ya mpweya.

Tsopano za mu mmero. Kuno kwathu chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu ndi fangasi wotchedwa candida. Amayala zoyera pa lilime, m'masaya ndi kumwamba kwa kamwa, zooneka ngati chambiko, ndipo mukazipala pamatsala pofiira. Fangasiyu akatsikira mu mmero, ngakhale madzi amawawa pachifuwa. Nthawi zina m'kamwa mumakhala mulibe kalikonse koma mu mmero mwadzaza. Amakonda munthu amene chitetezo chake chatsika: yemwe ali ndi HIV koma sakudziwa, yemwe anasiya ma ARV kapena sakumuyanjanso, wa shuga wosatsika, ndi womwa maantibayotiki kapena prednisolone nthawi yaitali. Ndiye ogula makapusozi mobwerezabwereza aja akudyetsa matenda omwe akufuna kuchiza.

Wamkulu aliyense wa zizindikiro zimenezi ayezetse HIV ndi shuga tsiku lomwelo. Amene ali kale pa ma ARV aonetsetse kuti amuyeza kuchuluka kwa kachilombo ndi CD4, chiwerengero cha asilikali oteteza thupi m'magazi. CD4 ikakhala pansi pa 200 amamuyezanso TB ndi matenda ena obisala. Mankhwala a fangasi wa mu mmero ndi fluconazole, 200 mg kamodzi pa tsiku kwa masiku 14. Nystatin wodonthezera m'kamwa amathandiza za m'kamwa zokha, za mu mmero sakwanitsa. Ululu umayamba kuchepa m'masiku ochepa, ndipo ngati sabata yatha popanda kusintha bwererani, chifukwa pangakhale zilonda za mtundu wina. Amayi oyembekezera kapena okayikira kuti aima anene asanalandire fluconazole, makamaka m'miyezi itatu yoyamba.

Vuto lina timalipanga tokha. Piritsi lomezedwa ndi malovu okha, kapena ndi kamadzi ka m'dzanja munthu ali kale pamphasa, limatha kumatirira mu mmero n'kusungunukira pomwepo, kuwotcha chilonda. Odziwika pa izi ndi doxycycline, mapiritsi owonjezera magazi omwe amayi amalandira kusikelo, bulufeni, diclofenac ndi asipirini. Ululu wake umayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri m'mawa wotsatira. Imwani piritsi lililonse ndi kapu yodzaza ya madzi, muli chikhalire kapena chiimire, ndipo musagone kwa mphindi 30. Zikachitika kale, kauzeni achipatala kuti aone ngati angasinthe mankhwalawo. Ma ARV ndi mankhwala a TB musasiye panokha.

Chilungulira chokhalitsa nacho chimasupula mmero, chifukwa asidi wa m'mimba amabwerera m'mwamba. Idyani chakudya chamadzulo maola atatu musanagone, kwezani miyendo ya kumutu kwa bedi ndi njerwa masentimita 15 mpaka 20, chepetsani mowa, fodya, tsabola ndi zokazinga. Kuchipatala amapereka omeprazole 20 mg, womwa mphindi 30 musanadye m'mawa, kwa masabata 4 mpaka 8. Soda wophikira therere si mankhwala a chilungulira omwa tsiku ndi tsiku.

M'dera lodya mlamba, makumba ndi matemba a ku Chilwa, munga wa nsomba ndi nkhani ya pakhomo paliponse. Mwambo wake ndi woti umeze mbamu yaikulu ya nsima kapena nthochi. Achipatala salimbikitsa zimenezo, chifukwa mbamuyo ingakankhire mungawo mkati mwa mnofu, ndipo ukaboola mmero mafinya amalowa m'chifuwa. Osapisanso chala. Imwani madzi pang'ono. Kukanda komwe kukuchepa kungakhale kamkwaso chabe, koma ululu wobaya malo amodzi nthawi zonse mukameza, magazi m'malovu kapena kutentha thupi zikutanthauza kuti pitani akauchotse. Mwana akamwa Jik, soda wopangira sopo kapena asidi wa batire, musamusanzitse, chifukwa pobwerera amawotchanso kachiwiri. Musamumwetse mafuta kapena mandimu, ndipo tengani botolo lake popita kuchipatala. Kabatire kozungulira ka mu wotchi kakakodwa mu mmero kamatha kuwotcha koopsa m'maola awiri okha.

Funso lachitatu lija, loti kodi chakudya chikuima, ndi lalikulu kuposa onse. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya mu mmero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo imagwira abambo ndi amayi omwe, ena asanafike zaka 50. Siyamba ndi ululu waukulu. Imayamba ndi nyama kapena chinangwa kuima pachifuwa, munthu n'kutsitsira madzi. Kenako amapempha kuti nsima azimuphikira yofewa. Kenako ndi phala ndi thobwa basi, lamba akuboola mabowo atsopano, pafupi ndi mphasa pali kachitini kolavulira. Pakhomo amati mwina ndi zilonda za m'mimba, ena amati anamudyetsa, ndipo miyezi imapita akuzungulira. Zomwe zimawonjezera chiopsezo ndi fodya, mowa makamaka kachasu, ndi tiyi kapena phala lotentha kwambiri. Mu 2016 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera ukuganiziridwanso. Koma ilipo ndithu mwa anthu osasuta, osamwa, choncho musadzitonthoze ndi khalidwe lanu labwino.

Lamulo lake nali: kuwawa pomeza kopitirira masabata awiri, chakudya kuima ngakhale kangapo chabe, kuwonda, kusanza magazi, chimbudzi chakuda kapena mawu kusasa kosatha, pitani kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Matawale, Domasi, Pirimiti kapena St Luke's ku Malosa, ndipo nenani momveka kuti "chakudya chikuima apa", mukuloza. Mukangoti pakhosi pakuwawa mudzabwera ndi Panado. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi timapepala ta mankhwala onse omwe mwamwa, ogula ndi azitsamba omwe, ndipo funsani za kalata yokutumizani ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre.

Chopimira chodalirika ndi endoscopy. Mumakhala osadya maola 6 kapena kuposa, amakupoperani mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, mumagona chammbali, kenako amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera. Sikatseka mpweya, ndipo kawirikawiri zimatha pasanathe mphindi 15. Akaona chotupa amadula kachidutswa kakang'ono kokapima, ndipo musachoke musanafunse tsiku lodzamva zotsatira. Kwina amajambula X-ray munthu atamwa mankhwala oyera a barium. Chotupa chikapezeka msanga njira zothandizira zimakhala zambiri. Chikapezeka mochedwa madokotala amatha kuika kapaipi kotsegula njira kuti munthu azimeza, ndi kupereka morphine wamadzi wothetsa ululu.

Podikira zonsezi wodwala asafe ndi njala. Phala la madzi lokha silikwanira: thiranimo nsinjiro kapena chiponde, supuni ya mafuta ophikira, mkaka kapena dzira lophikira momwemo, n'kulisefa ngati lili ndi mibulu. Mapeyala, nthochi zakupsa, maungu ndi mbatata zopota zimatsika bwino. Mupatseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, chakudya chitazirala, iye ali chikhalire. Akayamba kutsamwa kapena kutsokomola nthawi iliyonse akamwa madzi, kapena kukodza pang'ono mkodzo wachikasu kwambiri, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, bwererani naye tsiku lomwelo.