Utuchi woopsa ndi umene simuuona

Amisiri ambiri opalira matabwa pakhomo amati akawola milu ya utuchi pansi ndiye kuti ukhondo watheka. Ayi ndithu. Zopalidwa za pulena ndi utuchi wa sowo yamanja zimagwa msanga, ndipo vuto lake n'kuterera ndi kukoleza moto basi. Woopsa ndi uja wosalala ngati ufa, wotuluka pokwecha ndi sandipepala kapena podula ndi makina. Umatsala ukuyandama mmisiri ataweruka kale, ndipo tinthu take tosapitirira ma micron 10 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), tosaoneka ndi maso, timakafika m'chifuwa.

Mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO (bungwe loona zaumoyo padziko lonse), linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo mitengo yolimba monga oak ndi beech ndiyo imatchulidwa kwambiri. Khansa imatenga zaka kuti ioneke, koma mphumu, chimfine chosatha ndi kuyabwa kwa maso sizidikira zaka. Bolodi ya MDF, yopangidwa pomata ulusi wa matabwa, imaonjeza vuto chifukwa cha guluu wake wokhala ndi mankhwala a formaldehyde.

Choncho ligwireni fumbilo pomwe likutulukira, lisanauluke. Makina ambiri okwechera ali ndi kabowo kolumikizapo payipi ya vakyumu (makina oyamwa fumbi), ngakhale ena amakasiya kali pululu. Pakati pa makina ndi vakyumu ikanipo ndowa yokhala ndi kachipangizo kozunguliritsa mpweya kotchedwa cyclone pachivundikiro: mpweya ukamazungulira mmenemo, utuchi wolemera umagwera pansi ndipo sefa sitsekeka msanga. Sefa ya vakyumuyo ikhale ya mtundu wa HEPA, yogwira ngakhale fumbi losalala kwambiri. Yachabechabe imameza utuchi waukulu n'kukulavulirani wosalalawo kumaso.

Ngati vakyumu mulibe, kwecherani panja. Mukakakamizika kugwirira m'kati, ikani fani pazenera ikutulutsa mpweya kunja, tsegulani kwina kolowera, inu muime mbali yolowerayo. Chitseko cholowera kunyumba yogona chikhale chotseka, ndipo zovala zantchito zitsale komweko.

Osasesa pouma, wazani kaye timadzi. Kupemerera ndi kompuresa ndiye kuipiratu.

Masiki ndi mlonda womaliza, osati woyamba. Yansalu sithandiza kwenikweni. Funani yolembedwa kuti N95 kapena FFP2, ndipo ya FFP3 imaposa. Andevunu mundikhululukire, masiki sigwira bwino pandevu, fumbi limalowera m'mbali.

Utuchi wa matabwa onyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe musauotche, musauyale m'khola la ziweto, ndiponso musauthire m'kompositi, chifukwa ena mwa mankhwalawo amakhala ndi poizoni wa arsenic.