Momwe mungakonzetsere galimoto pa waranti kwa ogulitsa ovomerezeka

Yambani ndi kutsimikiza kuti waranti, lonjezo la kampani lokonza galimoto mwaulere ikapezeka ndi vuto, ilipodi. Galimoto zambiri m'misewu yathu ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zolowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ndipo zimenezi sizikhala ndi waranti ya kampani kuno. Malangizowa ndi a amene anagula yatsopano. Pa mitundu yambiri waranti imakhala ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, malinga ndi chimene chayamba kukwana. Onani m'kabuku kamene munapatsidwa pogula.

Chachiwiri, vuto likangoyamba musathamangire kwa makaniko wa pansi pa mtengo, ngakhale akhale mlamu wanu wodziwa ntchito. Akangomasula injini kapena kuikamo sipeya yosakhala ya kampani, mwawapatsa a galaja ya ogulitsa chifukwa chokanira waranti. Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Chimodzimodzi kudumphitsa sevisi: bukhu la sevisi likhale lodindidwa nthawi iliyonse imene mwasinthitsa oyilo, ndipo malisiti muzisunga.

Chachitatu, popita kwa ogulitsa tengani bukhulo, blue book ndi nambala ya chasisi, ija ya zilembo ndi manambala 17. Ndi nambala imeneyi imene amaitanitsira sipeya yoyenera galimoto yanu.

Mukafika, fotokozani vutolo momwe lilili. Kungonena kuti "ikulira moipa" sikuthandiza. Nenani kuti phokosolo likuchokera kutsogolo kumanzere, limamveka m'mawa injini isanatenthe, kapena mukamakhota. Ngati pali nyali yomwe yayaka pa dashibodi, ijambuleni pafoni. Onetsetsani kuti zonsezi zalembedwa pa job card, kapepala kolembapo ntchito yoti igwiridwe, pamodzi ndi tsiku ndi makilomita, ndipo mutenge kope lanu. Kapepalaka ndiye mboni yanu yoti munadandaula waranti isanathe.

Dziwaninso kuti zinthu zotha pogwira ntchito, monga mapadi a mabuleki, klatchi, mababu, mafyuluta ndi mawaipa, nthawi zambiri mumalipira nokha. Za ngozi kapena kulowa m'madzi n'za inshulansi. Funsani asanayambe ntchito kuti cholipira inu n'chiti.

Kenako pali kudikira. Sipeya ikakhala kuti palibe m'sitolo, amaitanitsa kunja, kawirikawiri ku South Africa kapena ku Japan, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachedwetsa katundu. Pemphani nambala ya oda ndi tsiku limene akuyembekezera, ndipo funsani ngati mungayambe mwaiyendetsa galimotoyo. Yankho lake akulembereni. Muziimba mwaulemu koma mosatopa. Kukalipira mtsikana wa pa kauntala sikufulumizitsa thiraki yomwe ili pa Mwanza.

Akakana popanda chifukwa chomveka, pemphani kuti akane polemba, kenako kaonaneni ndi bwana woyang'anira galaja. Zikakanika pamenepo, tengani mapepala onse mukadandaule ku Competition and Fair Trading Commission, kapena mukapemphe uphungu ku Consumers Association of Malawi.