Kumeretsa oats panyumba kuti muphikire phala la m'mawa

Amene tinakulira kumudzi tinaonapo chimera chikupangidwa. Mawere kapena chimanga amaviika m'madzi, kenako amayala pa thumba, kufunditsa masamba a nthochi, n'kudikira mpaka timizu toyera titatuluka. Luso lomeretsa oats ndi lomwelo, ndiye simukuyamba sukulu yatsopano ayi. Chasintha ndi mbewuyo, komanso malo: kuno kunja kwa dziko mulibe khonde loyanikira, muli kakhitchini kamene mwina mukugawana ndi anthu ena anayi.

Wina afunsa kuti mavuto onsewo n'chifukwa chiyani, pamene paketi ya Quaker Oats ku Britain kapena Jungle Oats ku Joni imapsa m'mphindi zochepa. Kunena zoona, oats wa m'paketi alibe vuto, ndipo tsiku limene mwadzuka mochedwa phikani yemweyo. Koma njere yathunthu yomera imakoma mwina. Imatsekemera pang'ono payokha, imatafunika, ndipo imakhalitsa m'mimba, zomwe munthu wogwira shifiti ya maola 12 kunyumba yosamalira okalamba kapena pamalo omanga amaziyamikira. Komanso njere yathunthu yosamera imatenga pafupifupi ola kuti ipse, pamene yomera imapsa pa theka la nthawi imeneyo kapena kucheperapo.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi pogula. Njere za oats zochotsedwa mankhusu, zimene pa paketi amalemba kuti oat groats, zambiri mwa izo sizingamere ngakhale mutaziviika sabata yathunthu. Oats ali ndi mafuta ambiri kuposa tirigu ndi mpunga, ndipo mankhusu akangochotsedwa ndi makina, njere imakalika, mafuta aja n'kuyamba kuwonongeka mpaka kuwawa. Pofuna kupewa zimenezi, kufakitale amazitenthetsa ndi nthunzi n'kuziumitsa. Zimasungika nthawi yaitali, koma moyo wa mbewuyo umathera pomwepo. Mukaziviika zimangofufuma, tsiku lachitatu n'kuyamba kununkha.

Funani mtundu umene amautcha naked oats kapena hulless oats. Umenewu mankhusu ake amachoka okha popuntha, ndiye njere imatuluka yamoyo. Ku Germany dzina lake ndi Nackthafer. Ngakhale zili choncho, werengani paketi, chifukwa ena amatenthetsanso mtundu umenewu. Mawu ofunika kuwaona ndi for sprouting, sproutable kapena raw. M'masitolo akuluakulu a zakudya simupezamo kawirikawiri. Yesani masitolo a zakudya zathanzi, kapena ogulitsa mbewu zomeretsa pa intaneti. Rolled oats, steel-cut ndi pinhead oatmeal ndi njere zophwanyidwa kale kapena zodulidwa, sizimera.

Musagule oats wodzala kumunda kwa ogulitsa mbewu za alimi. Mbewu yodzala nthawi zambiri imapakidwa mankhwala, monga mbewu ya chimanga yamtundu wofiira kapena wobiriwira imene timaidziwa kumudzi ija, ndipo si yodya. Wa ziweto ndi mbalame nayenso ayi: amakhala ndi mankhusu olasa pakhosi, komanso sanayeretsedwe kuti adye munthu.

Musanagule thumba lalikulu, gulani kapaketi kakang'ono muyese. Ikani supuni imodzi ya njere pa pepala lopukutira m'khitchini lonyowa, pindani, lisaume. Pakatha masiku atatu zambiri zikhale zitatulutsa kamchira koyera. Zikangokhala duu, ndiye kuti zinatenthetsedwa. Zotsala m'paketimo musataye, viikani usiku n'kuphika ngati mpunga, zimadyeka bwinobwino.

Zipangizo muli nazo kale: botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, kansalu kopyapyala koyera, ndi mphira womangira. Sefa ya mabowo ang'onoang'ono yoika pamwamba pa mbale imagwiranso ntchito, ndipo ine ndimaikonda kuposa botolo chifukwa mpweya umadutsa bwino. Kapu imodzi ya njere zouma imakwana anthu awiri kapena atatu. Yambani mwasankha, kuchotsa zosweka ndi tizinyalala, chifukwa njere yosweka ndi imene imayamba kuwola n'kuipitsa zinzake. Tsukani mpaka madzi ayere.

Poviika ndi pamene oats amasiyana kwambiri ndi chimanga. Chimanga n'cholimba, chimafuna kukhala m'madzi nthawi yaitali. Njere ya oats ndi yofewa, imamwa madzi msanga, ndipo ikakhalitsa imayamba kuterera ngati therere, kenako kufa chifukwa chosowa mpweya. Ola limodzi mpaka maola anayi m'madzi ozizira n'zokwanira. Ena amasiya usiku wonse ndipo zimatheka m'nyumba yozizira, koma kupitirira pamenepo mukungoitana fungo. Khetsani madzi onse, tsukaninso, ndipo ngati ndi botolo lizondotseni mopendekeka m'mbale kuti otsala adonthe.

Kuchokera apa ntchito ndi yotsuka ndi kukhetsa basi, kawiri pa tsiku. Musanapite kuntchito ndi pobwera, kaya shifiti yanu ndi yamasana kapena yausiku. Thirani madzi ozizira, khutchumulani pang'onopang'ono, khetsani mpaka kutheratu. Njere zikhale zonyowa, osati zokhala m'madzi. Ikani pamalo opanda dzuwa, pamene kutentha kuli chapakati pa madigiri 18 ndi 22.

Apa nyengo ya kumene muli imalowererapo. M'nyumba za ku Manchester kapena Dublin nthawi yozizira, khitchini imatha kuzizira moti njere zimachedwa, mwina kuwonjezera tsiku. Musazithamangitse poziika pamwamba pa radiator; zimauma kunja, m'kati n'kusasa. Ku Johannesburg mu Juni ndi Julaye ndi chimodzimodzi, kudekha basi. Koma ku Durban mu Disembala, kotentha ndi chinyontho chija, zimamera mofulumira ndipo chuku nachonso chimafulumira. Kumeneko tsukani katatu, ndipo musameretse zambiri pakamodzi.

Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu muona kamchira koyera kunsonga. Imirani pomwepo, kasanatalike kuposa njereyo. Apa chizolowezi cha kumudzi chikhoza kukusocheretsani, chifukwa chimera cha thobwa timachisiya chimere kwambiri kuti chikhale ndi mphamvu. Cha phala ayi. Njere ikamamera imadya chakudya chake chomwe: sitalichi amasanduka shuga, n'chifukwa chake kutsekemera, koma nayo beta-glucan, imene imapangitsa phala la oats kukhala lonanda, imayamba kuchepa. Beta-glucan ndi imene oats amatchuka nayo pa nkhani yochepetsa cholesterol m'magazi, ndipo malamulo a zakudya ku Ulaya amaika muyeso wa magalamu 3 pa tsiku kuti phindu limeneli lioneke. Mukameretsa masiku asanu mupeza udzu wowawira ndi phala lamadzimadzi. Ngati mumafuna thobwa lenileni, funani mawere ku masitolo a Amwenye, kumene amawatcha ragi. Chimera cha oats n'chofooka pa ntchito imeneyo.

Nthawi zina pamizu pamaoneka tiubweya toyera, anthu n'kutaya poganiza kuti ndi chuku. Thirani madzi muone. Tiubweya ta mizu timagona n'kuzimirira, ndipo timakhala pamizu pokha. Chuku chimayanga panjere paliponse, chimakhala chotuwa, chobiriwira kapena chakuda, ndipo chimanunkha. Njere zabwino zimanunkhira ngati mbewu yatsopano. Zikanunkha kusasa kapena kuvunda, tayani zonse, tsukani botolo ndi madzi otentha, yambaninso. Kapu imodzi ya oats si ya mtengo woti mudwale nayo.

Ndipo phikani, musadye zaziwisi. Kufunda ndi chinyezi zimene mbewu imafuna kuti imere ndi zomwenso tizilombo ta Salmonella, Listeria ndi E. coli timafuna kuti tichulukane. Mu 2011 ku Germany anthu oposa 50 anamwalira ndi E. coli amene anachokera ku mbewu zomeretsa za fenugreek. Pa intaneti mupeza anthu akusakaniza njere zomera zaziwisi mu yogati, asiyeni. Makamaka m'nyumba muli mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, okalamba, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi chake chili chotsika, phala libwate ndithu.

Kaphikidwe kali pawiri. Ngati mumakonda kutafuna, ikani kapu imodzi ya njere zomera m'makapu awiri a madzi ndi kamchere, zibwate, chepetsani moto, vundikirani, ziphike mphindi 20 mpaka 25. Ngati mukufuna phala losalala loti ana amwe osadandaula, gayani njerezo mu blender pamodzi ndi madziwo, thirani mumphika, takasani ndi mthiko osasiya chifukwa limagwira pansi msanga. Likayamba kubwata lisiyeni pamoto wochepa mphindi 10. Yambani ndi madzi ochepa kuposa amene mumathira mu oats wa m'paketi, popeza phala la njere zomera sililimba kwambiri. Kuwonjezera madzi n'kosavuta kusiyana ndi kuwachotsa.

Nsinjiro zimayenderana ndi phala limeneli kuposa china chilichonse. Ngati wina wabwera nazo kuchokera kumudzi, thirani supuni ziwiri phala likadali pamoto kuti nazo zipse. Ngati palibe, chiponde cha m'botolo chopanda shuga chimalowa m'malo. Mkaka, nthochi yakupsa, kapena uchi pang'ono kwa akuluakulu (mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi). Lawani musanathire shuga, mwina simumufuna.

Simungadye zonse tsiku limodzi. Zotsala khetsani bwino, ikani m'kontena yotseka mufiriji, mudye pasanathe masiku atatu. Mufiriza zimakhala milungu ingapo, ndipo mumangozithira mumphika osasungunula. Wogwira ntchito masiku otsatizana angameretse makapu atatu pamene ali pa ofu, n'kugawa m'timapaketi ta tsiku limodzilimodzi. M'nyumba yogawana lembani dzina pa kontena, apo ayi wina adzayesa ndi zowola n'kutaya.

Amene ali ndi matenda a coeliac, oti thupi siligwirizana ndi gluten wopezeka mu tirigu ndi balere, asamale: oats nthawi zambiri amasakanikirana ndi tirigu kapena balere kumunda ndi kuchigayo, ndiye pafunika paketi yolembedwa gluten free, komanso kufunsa dokotala kaye.

Njere zouma zimene simunameretse nazo zimafuna chisamaliro. Popeza sizinatenthetsedwe, mafuta ake amawonongeka msanga kuposa oats wamba. Gulani zokwana mwezi umodzi kapena iwiri, sungani m'botolo lotseka pamalo ozizira ndi ouma, kutali ndi chitofu. Kumalo otentha ikani mufiriji.