Kuunika za chilengedwe musanatsegule sikimu ya mthirira ku Chigwa cha Shire

Mwafunsa zoyenera kuchita musanatsegule sikimu ku Chikwawa kapena Nsanje. Konzeranitu mapu a malowo, umboni woti malowo ndi anu, komanso mlingo wa madzi omwe mudzapatutse mumtsinje.

1. Lembani mwachidule za ntchitoyo, mukapereke ku MEPA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Iwowo ndiwo anene ngati pakufunika kafukufuku wathunthu wa ESIA, wounika momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu.

2. Akatero, pezani akatswiri odziwa ntchitoyi.

3. Yenderani malowo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amabwera mu Okutobala nthaka ili gwa, n'kulemba kuti zonse zili bwino. Bwereraninso m'dzinja. Funsani akuluakulu pomwe madzi anafika nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Yezetsaninso mchere m'nthaka ndi m'mijigo, poti kuno umavuta kwambiri.

4. Khalani pansi ndi mafumu, asodzi a ku dambo lalikulu la Elephant Marsh, oweta ng'ombe, ndi amayi olima m'madimba. Kumva kwa amfumu okha sikukwanira ayi.

5. Lipoti la kafukufukuyo linene zomwe zingaonongeke, njira zopewera, ndi amene adzalipire.

6. Musakumbe ngalande chilolezo cha MEPA chisanatuluke. Cha madzi ndi china, chimachokera ku National Water Resources Authority, bungwe loyang'anira za madzi.